Tsiku Limene Jaji Anagona Cham'mbali

Makwinya anali wosita zovala za anthu, ndipo dzinalo anamupatsa ndi makasitomala ake omwe, ataona kuti makwinya amene ankawachotsa m'malaya mwawo ankangosamukira pachipumi pake. Kashopu kake kanali kumaso kwa nyumba ya apongozi ake, khomo loyang'ana kumsewu, ndipo iyeyo, mkazi wake ndi khanda lawo ankagona m'chipinda cha kuseri. Ukakhala pakhomo pa apongozi umaphunzira zambiri: kutsokomola motsitsa, kutseka chitseko ngati chili ndi bala, ndi kuseka nthabwala yomwe unaimva kale chaka chatha.

Apongoziwo anali bambo wamasiye, wopuma pantchito ya ukalaliki ku khoti. Mkamwini wawo sankamuda ayi, kungoti sankamukhulupirira. Kiyi wa geti sanamupatsepo. Babu likapsa ankakwera okha pampando, miyendo ili njenjenje, Makwinya ataima pansi manja kumbuyo.

"Dikirani akamwini, izi n'zofuna maso," ankatero, ngati kuti mnzawoyo anabadwa ndi mabatani kumaso.

Tsono mtima wa mkuluyo utayamba kuvuta, madokotala n'kugamula kuti akamutsegule pachifuwa, anthu onse anadabwa kumva kuti nsomba wasiyira Makwinya.

Nsombazo zinkakhala pabalaza, m'thanki yagalasi yotalika ngati chitseko chogoneka. Munali zasiliva zingapo zoyendera limodzi, zomwe mkuluyo ankazitcha Mboni. Munali ina yakuda yomangoyamwa galasi, imeneyo Mesenjala. Ndiye munali Jaji. Jaji anali nsomba yaikulu ngati mbale, yakuda ya mawanga ofiira, milomo yogwa ngati munthu amene wamva kale bodza lako usanayambe. Anakula m'thankimo kuyambira ali ngati chala, ndipo chimwalirire mayi a m'nyumbamo, mkuluyo ankacheza ndi Jaji kuposa ana ake. Ankamuwerengera nyuzi. Jaji ankadya m'manja mwake.

"Chakudya kamodzi patsiku, chotsina ndi zala ziwiri," anatero mkuluyo tsiku lonyamuka, chikwama chili kale m'galimoto. "Ichi ndi pampu, chimapereka mpweya, chisazime. Ichi ndi hita."

Analoza kachubu kagalasi kotalika ngati kandulo, komata kukhoma la thanki m'kati mwa madzi, kali ndi kanyali kofiira.

"M'mawa uliwonse viikani chala. Madziwa angochoka chisanu basi, asafunde. Mukamva kuti afunda, zulani pulagi. Ine sindigula zoyezera za kusitolo. Chala sichinama."

Chala sichinamadi, koma zimatengera kuti n'cha ndani. Cha mkuluyo chinali cha kalaliki, chosalala ngati sopo, chozolowera kutembenuza mapepala. Cha Makwinya chinakulira pa simbi ndi nthunzi. Munthu ameneyu ankaphula poto pamoto opanda kansalu. Tiyi wowira ankamunyamula m'kapu yachitsulo n'kumacheza. Anzake ankati akadzafa, kumoto akafunsa ngati kuli bulangete.

Chomwecho m'mawa uliwonse ankalowa pabalaza, n'kuviika chala, n'kugwedeza mutu ngati dokotala. Madzi anali bwino. Kanyali ka hita kanali koyaka, ndipo zimenezo zinkamusangalatsa. Mkuluyo sanamuuze kuti kanyaliko kayenera kumayaka n'kumazima, poganiza kuti aliyense amadziwa. Koma simbi ya Makwinya, kachitsulo kake kodzizimitsira anakachotsa kalekale n'kulumikiza waya, poti kankamuchedwetsa ntchito. Kwa iye nyali yosazima inali chizindikiro cha chinthu chakhama. Ndipo masiku omalizawo, ataona nsomba zikuthamanga uku ndi uku ngati zalandira uthenga wabwino, anauza mkazi wake kuti zamuzolowera.

Tsiku lotuluka mkuluyo m'chipatala linafika. Mlamu wake wa Makwinya, woyendetsa takisi, anapita kukadikira kumeneko, ndipo anati afika madzulo. Mkazi wa Makwinya anali akukolopa pabalaza, mwana atagona, pomwe mwamuna wake anali kushopu akusita malaya oyera.

"Bambo a mwana! Tabwerani."

"Ndili pa kolala."

"Siyani kolalayo."

Mawuwo sanali a munthu amene waona mphemvu. Makwinya analowa, napeza mkazi wake ataima patsogolo pa thanki, chokolopera chikudontha pa mapazi ake. Nsomba zonse zinali pamwamba pa madzi, milomo kunja, zikuyasamula ngati ana a mbalame. Ngakhale Mesenjala, amene chibadwire sanasiyepo galasi, anali komweko. Jaji anali pakona, mutu m'mwamba, masaya ake opumira akutseguka ndi kutseka mothamanga.

"Zikufuna chakudya izi. Zikandiona zimatero."

"Nanga iyo?"

Kuseri kwa mwala kunali Mboni imodzi, mimba kumwamba, ikungotengeka ndi madzi.

Makwinya anatsegula chivindikiro, ndipo madontho a nthunzi anayenderera kugwera pansi. Anaviika chala.

"Ali bwinobwino madziwa."

Mkaziyo anamuyang'ana, nayang'ana chalacho. Kenaka anapinda dzanja la bulauzi naviika chigongono, mmene amachitira ndi beseni la mwana. Anachichotsa msanga.

"Mayo ine. Awa ndi madzi osambitsira khanda. Ndingomubweretsa ndi sopo."

"Mukukokomeza."

"Ikani tsaya lanu pagalasipo. Tsaya, osati zikopa zanuzo."

Anaika tsaya. Galasi linali lofunda ngati chipumi cha munthu wa malungo. Ndipo ali chiwerameni choncho, diso lake linakumana ndi kanyali kofiira kaja, kakuyaka phee mmene kanayakira dzulo, dzana ndi masiku onse. Pamenepo m'mutu mwake munatseguka. Iye, mwa anthu onse a m'tauniyo, ankadziwa chimene chitsulo chosadzizimitsa chimachita ukachitembenukira msana.

Anagwada nazula pulagi kukhoma. Kanyali kanazima. Thovu la pampu nalonso linaleka, ndipo pabalaza panagwa bata loopsa.

"Mwazimitsa ndi pampu yomwe!"

"Zili pa chingwe chimodzi!"

"Ndiye zulani cha hita chokha, bambo inu!"

Anabwezera pulagi ija kukhoma. Kuseri kwa kabati kunali mawaya opiringizana ngati matumbo. Anazula ina, nyali ya m'thanki n'kuzima. Anazula ina, wailesi ya mkuluyo n'kutsokomola. Pomwe anaipeza ya hita n'kuizula yokha, thovu likutulukanso, Mboni yachiwiri inali ikuzungulira ngati woledzera.

Foni inalira m'thumba. Anali mlamu.

"Alamu! Ikani madzi a tiyi pamoto. Atitulutsa msanga, adokotala ali ndi changu lero. Tikukwera galimoto."

"Panopa?"

"Nanga mawa? Tamverani malamulo, akuti ndiuze onse kunyumbako. Asanyamule kanthu. Asakwere masitepe. Ndipo chachikulu, asadzidzimuke, asakwiye. Akuti mtimawo ndi wongosoka kumene, ulusi sunagwire. Ndiye inuyo alamu, nkhope yanu ija muziyamba mwaibisa."

Anaseka yekha. Makwinya anatuluka pakhonde natsitsa mawu.

"Alamu, yendani pang'onopang'ono."

"Ine?"

"Zungulirani. Dzerani kumsika, dzerani kulikonse. Nsomba zatentha."

 Mlamuyu anali munthu amene maroboti ofiira ankawatenga ngati malangizo chabe, koma apa anapumira m'mwamba.

"Jaji?"

"Akupuma."

"Mwatipha," anatero monong'ona, kenaka mokweza, "Eee, chabwino alamu, tigula buledi!" Nadula.

Makwinya anathamangira kukhitchini natulutsa chidebe chonse cha ayisi m'filiji. Anali atachikweza kale pamwamba pa thanki pomwe mkazi wake anamugwira mkono.

"Mukutani?"

"Ndikuziziritsa."

"Mwana akatentha thupi mumamuponya m'madzi ozizira? Amakomoka. Timapukuta ndi kansalu, pang'onopang'ono."

"Nthawi ya pang'onopang'ono ili kuti?"

"Mukathira zimenezo mumaliza zonse nthawi imodzi. Tengani mabotolo anu aja."

Makwinya ankasunga mabotolo a madzi oundana omwera pantchito. Anawayandamitsa m'thanki osatsegula. Anachotseratu chivindikiro. Anakatenga fani ya kushopu naiimika pampando kuti iziuzira pamwamba pa madzi. Mkazi wake anatenga jagi, nayamba kutunga madzi a momwemo n'kumawatsanulira kuchokera m'mwamba kuti alowe mpweya. Kutunga, kutsanula. Kutunga, kutsanula.

"Tichotseko otenthawa, tithire ena," anatero mkaziyo. "Bambo amasunga ndowa pakhonde. Amati a kumpopi ali ndi mankhwala, amafuna agone kaye."

Makwinya anatembenukira kwa fani n'kuyamba kuikonza.

"Bambo a mwana. Ndowa zija."

"Ndinachapira makatani a kasitomala."

Mkaziyo anatseka maso, milomo ikuyenda. Kaya ankapemphera, kaya ankawerenga zaka za ukwati, Makwinya sanafunse.

Kenaka mkaziyo anatukula mphuno. "Chikupsa n'chiyani?"

Simbi! Anaisiya chogona pa malaya. Anafika kushopu utsi utayamba kale kukwawa kudenga, malaya oyera aja ali ndi chidindo chakuda pamsana, nsalu ya pathebulo ikunyeka m'mphepete. Anazula, naponya zonse m'beseni, nabwerera osatseka n'chitseko chomwe. Tsiku lina akanalira maliro a malaya amenewo mpaka madzulo. Lero sanawayang'ane kawiri.

Pabalaza mwana anali atadzuka ndipo ankalira kuchipinda. Mayi ake sanasiye jagi. Mboni zina ziwiri zinali zitatembenuka. Makwinya anazivuula ndi dzanja, naziika m'mbale, naphimba ndi nyuzi.

"Yesaninso."

Mkaziyo anaviika chigongono. "Atsikako. Kapena ndi mkono wanga wazolowera. Sindikudziwanso."

Ndiye pomwepo Jaji anasiya pakona pake. Anatsika pang'onopang'ono, ngati tsamba, nakafika pamchenga wa pansi. Anaima kanthawi. Kenaka anapendekeka, napendekekabe, mpaka anagona cham'mbali, diso limodzi likuyang'ana kudenga. Mawanga ake ofiira anali atatuwa. Tsaya lopumira linkatukuka, n'kukhala, n'kukhala, mpaka munthu kuganiza kuti basi, kenaka n'kutukukanso.

"Timuchotse, timuike m'beseni," anatero Makwinya.

"Ndi madzi ati?"

"A kumpopi omwewo."

"Akamupha?"

"Nanga awa akumuchiritsa?"

Anayang'anizana. Panalibe amene ankadziwa. Munthu yekhayo wodziwa anali m'takisi, ndi ulusi pachifuwa.

Foni inaliranso.

"Alamu, ndazungulira raundi imodzi kawiri. Ndaima pothira mafuta thanki ili yodzadza. Ndapereka mpata kwa njinga, ine! Mkuluyu wayamba kundiyang'ana. Akufunsa ngati ndadwala."

"Pitani nawo kwanu."

"Ndayesa. Akuti akufuna akaone Jaji adye. Tamverani, pali sitolo ya nsomba kuseri kwa banki. Ndiwasiye m'galimoto, ndigule ina yofanana?"

"Nsomba yoti amaidziwa mamba ake onse? Mwina mugulenso mwana wina wamkazi, muwauze kuti ndi yemweyu."

"Ndiye konzekani. Tili pa mlatho."

Mkaziyo anaika jagi pansi, napukuta manja pa siketi. Nkhope yake inali itauma.

"Tamverani bwino. Akafika tiwalowetsera khomo la kuseri, molunjika kuchipinda. Tinena kuti pabalaza tapopera mankhwala a udzudzu. Agone, apume. Za nsomba adzamva mawa, kapena mkuja, mphamvu zitabwerera."

"Pofika mawa Jaji adzakhala atafa."

"Afe."

"Make mwana..."

"Ndati afe! Nsomba ndi nsomba. Ine bambo ndili nawo amodzi. Munamva zimene ananena adokotala. Mukawauza pageti paja n'kugwa, mudzandiuza chiyani? Kuti mumapulumutsa ndiwo?"

Makwinya anayang'ana m'thanki. Zoona zake, maganizo a mkazi wakewo anali okoma ngakhale kwa iye. Mawa ndi kutali. Pofika mawa munthu ukhoza kupeza mawu abwino, ukhoza kunena kuti hita inaonongeka usiku umodzi, kuti zamagetsi n'zosadalirika. Tsaya la Jaji linatukuka. Linakhala. Makwinya anapezeka kuti nayenso wagwira mpweya, kudikira.

Linatukuka.

Hutala inalira pageti.

Mkaziyo anathamanga kukatenga mwana, natuluka akumwetulira kumwetulira kwa pa chithunzi. Makwinya anatsatira, malaya atanyowa mpaka m'mapewa, mchenga wa m'thanki uli m'zikhadabo. Mlamu anatsika natsegula chitseko cha kumbuyo, maso ake akufunsa. Mkuluyo anali atakhala mowongoka, ataonda, khosi likusambira m'kolala, atakumbatira kapilo pachifuwa monga anamuuzira kuchipatala.

"Takulandirani bambo! Tiyeni mudzere kuseri, pabalaza tapopera mankhwala."

"Mwapopera mankhwala m'chipinda cha nsomba?"

"Pang'ono chabe. Tinaphimba."

Mkuluyo anatembenukira kwa mkamwini wake. Zaka zonse zija ku khoti anazithera kuyang'ana anthu akulumbira. Maso ake anayenda pa Makwinya kuchokera ku nsapato mpaka ku manja onyowa a malaya.

"Akamwini. Jaji ali bwanji?"

Makwinya anamva maso a mkazi wake akumuboola tsaya. Bodza linali lokonzeka, lositidwa kale, longofuna kuvala. Anatsegula pakamwa. Koma m'mutu mwake munali tsaya lija, likutukuka n'kukhala, ndipo ankadziwa kuti nthawi imene akuima pano ikudyedwa kumeneko.

Anagwada pafupi ndi chitseko cha galimoto kuti mawu asachokere m'mwamba.

"Bambo, gwirani pilo wanuyo, mupume kaye. Jaji ali moyo. Koma wagona cham'mbali. Hita inakakamira, madzi anatentha, ine sindinamve. Tazimitsa, tikuziziritsa, koma pamene tafika sitikudziwa chochita. Mukudziwa ndinu."

"Bambo a mwana!" Mawu a mkaziyo anatuluka ngati mbale yosweka.

Mkuluyo sanagwedezeke. Zala zake zinalowa m'kapilo. Magazi anachoka kumaso kwake, milomo n'kutuwa, natseka maso. Mlamu anagwira denga la galimoto. Mumsewu munadutsa wogulitsa masache akuitanira malonda, ndipo palibe anamumva. Makwinya anayang'ana batani la pachifuwa pa mkuluyo. Linakwera. Linatsika. Linakhala nthawi yaitali kwambiri.

Maso anatseguka.

"Wagona liti?"

"Posachedwapa."

"Akupuma mothamanga kapena mochedwa?"

"Mochedwa."

"Ndigwireni."

"Bambo, adokotala anati..."

"Adokotala anati ndisakwiye. Ukandiimitsa pano ndikwiya. Ndigwireni, akamwini. Osati kukhwapa, pali ulusi. Pachigongono."

Kuchokera pageti kufika pabalaza ndi mtunda woti mwana amaudumpha akuthamangitsa mpira. Tsiku limenelo unali ulendo. Mkuluyo ankaponda kamodzi, n'kupuma. Kuponda, n'kupuma. Makwinya miyendo inkamuyabwa kuti amunyamule ngati mtolo wa makatani athamange naye, koma ankayenda mayendedwe a mkwati. Kumbuyo mkazi wake ankabwera mwakachetechete, ndipo kachetechete ameneyo anali ndi mano.

Anamukhazika pampando wake, patsogolo pa thanki. Mkuluyo anayang'ana fani, mabotolo, jagi, mbale yophimba ndi nyuzi. Mbaleyo sanaifunse. Anayang'ana Jaji.

"Mabotolo ndani anaganiza?"

"Mwana wanu."

"Ayisi simunathire?"

"Anandiletsa."

"Anachita bwino kukwatiwa nanu, mukanapha anthu." Anapuma. "Iwe make mwana, tseka makatani, kuwala kumamutopetsa. Iwe wa takisi, m'kabati umo, kuseri kwa mbale za alendo, muli kabotolo ka chitsekero chobiriwira. Tunga ndowa kumpopi, udonthezemo kamodzi, utakase. Dontho limenelo limapha mankhwala a m'madzi nthawi yomweyo."

Makwinya ndi mkazi wake anayang'ana kabatiyo. Inali pomwepo, pafupi ndi bondo la Makwinya, m'mawa wonse.

"Akamwini, manja anu ali ndi sopo? Sitachi?"

"Ayi bambo, atsukika momwemu."

"Alowetseni onse awiri. Mumutukule pansi pa mimba. Musafinye, si kolala. Muimikeni mmene nsomba imaimira."

Makwinya anapisa manja mpaka m'mapewa. Jaji anali wolemera kuposa mmene ankaganizira, woterera, wofooka ngati nsalu yonyowa. Sanakane kugwidwa, ndipo chimenecho ndicho chinamuopsa kwambiri. Nsomba imeneyi inkathamangitsa ndi ukonde womwe.

"Mubweretseni pa thovupo. Mlomo uyang'ane kumene kukuchokera madzi. Eya. Tsopano khalani choncho."

"Mpaka liti?"

"Mpaka atakuuzani yekha."

Mlamu anabwera ndi ndowa. Mkuluyo analamula kuti achotse jagi imodzi ya otentha, athire jagi imodzi ya atsopano, mothira m'mphepete mwa galasi, kenaka adikire. Mlamu, munthu wosadziwa kudikira, ankaponda pansi ngati akufuna giya ina.

"Ndingothira yonse, bambo?"

"Ukathira yonse ndikulanda laisensi."

Jagi inatuluka, jagi inalowa. Mkaziyo anakhala pa mkono wa mpando wa bambo ake, mwana pamsana, zala zake zili pa mtsempha wa dzanja lawo. Mkuluyo ankatuluka thukuta pachipumi. Nthawi ndi nthawi ankatambasula dzanja linalo, mlamu n'kumubweretsera madzi a m'thanki m'kapu, iye n'kuviika chala chake cha kalaliki.

"Chotsani botolo limodzi. Akutsika msanga."

Msana wa Makwinya unayamba kuwawa. Mphepete mwa galasi munkamudula m'khwapa. Fani inkamuuzira m'khutu. Sanasunthe. Nkhope yake inali pafupi ndi madzi, ndipo pansi pake ankaona tsaya lija likutukuka, n'kukhala. Kamodzi linakhala nthawi yaitali moti mlamu anaima ndi jagi m'mwamba, mkaziyo n'kutembenuzira nkhope kukhoma.

"Bambo..." anatero Makwinya.

"Musamusiye."

"Sakupuma."

"Ndati musamusiye. Muyendetseni patsogolo pang'ono, madzi alowe m'kamwa. Patsogolo pokha. Bwerezani."

Mawu a mkuluyo anali atachepa ngati ulusi. Anawerama kutsogolo, kapilo katafinyidwa pachifuwa, nayankhula ndi galasi motsitsa, mmene ankachitira powerenga nyuzi.

"Bwana, khoti silinatseke. Tadzukani."

Makwinya anayendetsa nsombayo patsogolo, nabwerera nayo mozungulira, nayendetsanso. Tsaya linatukuka. Linatukukanso, msanga kuposa kale. Kenaka chipsepse cha m'mbali chinagwedezeka ngati munthu akuthamangitsa ntchentche kutulo.

 Jagi inatuluka, jagi inalowa. Mesenjala, amene aliyense anali atamuiwala, anatsika pamwamba paja nakamata pagalasi, n'kuyamba ntchito yake ngati sipanachitike kanthu. Mboni zotsala zinasiya kuyasamula.

Ndiye mwadzidzidzi thupi lija linalimba m'manja mwa Makwinya. Linapindika kamodzi, mchira n'kumenya madzi, phwaa, kumaso kwake konse. Jaji anapulumuka, napita chopendekeka ngati njinga yopinda, nagunda mwala, nakaima kuseri kwake. Anapendekeka pang'ono. Anadziwongola. Anaima, milomo yogwa, akuyang'ana anthu onse anayi ngati akufuna kudziwa amene ayambe kufotokoza.

Mlamu anakhala pansi pomwepo, ndowa pakati pa miyendo. "Ine ndiye mundigoneke m'chipatala muja mwachokamo."

Mkuluyo anatsamira kumbuyo natseka maso. Mpweya wake unkamveka.

"Asadye lero, asadye mawa. Fani ikhale. Hita imeneyo mukataye kutali, wina angaitole." Anapuma. "Zili m'mbalezo ndi zingati?"

Makwinya anamuuza.

"Muzikwirire pansi pa mtengo. Mphaka asazione." Anapumanso. "Ine ndowa sindinyamulanso mpaka chaka chithe. Madzi muzisintha ndinu, Loweruka lililonse, ine nditakhala pano. Ndipo iwe wa takisi, mawa ugule choyezera cha kusitolo."

"Si munkati chala..."

"Ndinkati. Gula."

Mkaziyo anaimirira, nakonza mwana kumsana. Anadutsa pafupi ndi mwamuna wake, amene anali chiimire madzi akudontha m'zigongono, nayankhula motsitsa kuti bambo ake asamve.

"Zakuyenderani. Koma pageti paja munaika bambo anga pa sikelo ndi nsomba. Musaganize kuti ndaiwala."

Makwinya anafuna kunena kuti sizinali choncho, kuti mkuluyo akanadzuka mawa n'kupeza thanki yopanda Jaji ndi nyumba yodzadza abodza, mwina ulusiwo ukanaduka pomwepo. Koma sanali wotsimikiza, ndipo mkaziyo anali atapita kale kukayala bedi.

Mkuluyo anakana kupita kuchipinda. Anati agona pampando pomwepo. Mlamu anatuluka kukaimika bwino galimoto, imene anaisiya pakati pa msewu zitseko zili pululu. Makwinya anakhala pansi pa simenti yonyowa, pakati pa mpando ndi thanki. Akayang'ana kumanzere, tsaya la Jaji linkatukuka n'kutsika. Akayang'ana kumanja, kapilo kankakwera n'kutsika. Koma kumanjako n'kumene maso ake ankakhalitsa, ndipo kapilo kakachedwa pang'ono iye ankayamba kudzuka.

Mkuluyo anatsegula diso limodzi.

"Akamwini, mukundiyang'anitsitsa ngati ndagona cham'mbali. Wodwala ali uko."